Chaka Chimene Ndinaonda, Ankhoswe N'kuitanidwa

Chimimba changa sindinabadwe nacho ayi, ndinachita kuchigwirira ntchito. Pa unyamata wanga ndinali woonda ngati mpini wa khasu, ndipo ndinkagwira ntchito ku nazale ya mitengo pamwamba pa phiri la Zomba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, osati chifukwa cha mutu wouma, koma ine ndi aphunzitsi tinaona kuti tatopetsana mokwanira. M'mawa uliwonse ndinkakwera phiri wapansi, kudzera kanjira kachidule kamene amatsikira amayi osenza nkhuni, madzulo n'kutsikanso. Munthu woyenda ulendo umenewo mafuta samupeza. Akamafika pakhomo pake, iye amakhala atanyamuka kale.

Kenako anandikweza kukhala kapitawo, pambuyo pake wosunga makiyi a nyumba ya zipangizo. Ntchito imeneyo inali ndi mpando, komanso malo kutsogolo kwa lole. Mafuta aja anandipeza nditakhala. Patapita zaka zingapo malaya anayamba kutsegula mazenera pakati pa mabatani, anthu n'kuyamba kundipatsa moni ndikadali patali. Amene ankanditchula kuti achimwene anasintha, ndinasanduka bwana. Nditapuma ntchito ndinakhazikika ku Zakazaka kuno ndi chimimba changa, ndipo kunena zoona ndinkachikonda. Chinkalowa m'tchalitchi ine ndisanalowe.

Koma amene ankalandira ulemu weniweni pa chimimbacho ndi mayi a kunyumba kwanga. Iwo ndi katswiri wophikira khamu. Kukakhala ukwati, chinkhoswe kapena maliro m'dera lathu lino, amayi a ku mpingo ankabwera kudzawatenga kuti akaime pa mapoto aakulu. Ena amasenda anyezi, ena amatunga madzi, koma woti anene kuti mpungawu wapsa, mcherewu wakwana, chikunichi chichoke, anali iwo. Udindo umenewu sulembedwa papepala, koma akazi anga anaugwira zaka zambiri ndipo ankaukonda kuposa mmene ankandikondera ine, ndikuganiza. Mlendo akafunsa ngati amathadi kuphika, amayi ankangondiloza.

Vuto linayamba ndi ludzu. Ndinkamwa madzi ngati ng'ombe ya mu Okutobala, mapazi n'kumachita dzanzi ngati ndavala masokosi atatu. Kuchipatala anandibaya chala, n'kundiuza kuti ndili ndi shuga. Adokotala ake anali mayi wa msinkhu wa mwana wanga wamkazi, olankhula mofatsa koma osazungulira. Anayang'ana kabuku kanga, anayang'ana chimimba, n'kunena kuti mankhwala andipatsa, koma mnzangayu ayenera kuchepa.

Ine ndinafunsa funso la munthu wochenjera: ndikaonda miyezi itatu, ndibwerere ku zakudya zanga?

Anaseka, n'kunena kuti mafuta si mchenga wa m'thumba woti ukakhuthula basi zatha. Anati mkati mwa mafutamo muli timaselo, tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo tina mwa timeneti ntchito yake ndi kubereka timatumba tatsopano tosungira mafuta. Munthu ukaonda timatumba takale timaphwa, koma tobereka tija sitichoka, timangokhala phee kudikira. Anawonjeza kuti m'matumbo mwa munthu aliyense muli tizilombo tosawerengeka, osati ta matenda, tokhala nafe mwamtendere, timene timadya zimene ife tadya, makamaka za gaga, nyemba ndi masamba. Zimene tizilomboti timatulutsa zimalowa m'magazi n'kukafika mpaka ku timaselo ta m'mafuta tija. Anati akatswiri akufufuzabe kuti zimenezi zimasintha motani khalidwe la timaseloto, sizinadziwike zonse, koma zikuoneka kuti chimene munthu akudyetsa tizilombo take chili ndi mbali pa nkhani ya mafuta ake.

"Adokotala," ndinatero ine, "mukadangonena kuti muli nazale."

Anandiyang'ana modabwa. Ndinawafotokozera kuti kuphiri kuja tinkadula paini mbali yonse mpaka kuyera, wodutsa n'kumati mitengo yatha, chonsecho kuseri mbande zili ndondondo m'machubu kudikira mvula. Ndiponso mbande za paini zili ndi mwano wake. Ukaziika m'dothi wamba, ngakhale lachonde, zimachita chikasu n'kupinimbira. Tinkachita kupita pansi pa paini wakale, kukapala dothi lokhala ndi timaulusi toyera ngati chuku, n'kudzasakaniza m'machubumo. Tamoyo ta m'dothi limenelo ndi timene tinkauza mbande zochita. Adokotala anati sizofanana ndendende, koma ndayandikira. Mawu amenewo ndinawanyamula ngati satifiketi, ndipo ndi okhawo amene ndinakafotokoza bwino kunyumba.

Ulendo wotsatira anati ndibwere ndi akazi anga, ndipo pamenepo ndiye ndinagwidwa. Mayi anamvetsera ngati ulaliki wa pa Pasaka, n'kubwera kunyumba atatembenuka mtima. Ufa woyera unachoka, kunabwera mgaiwa, mtanda wake wofanana ndi chibakera, ndipo chibakeracho chinali chawo, osati changa. Nandolo, khwanya, chisoso, therere, tiyi wopanda shuga wokoma ngati madzi otsukira kapu. Ndikadandaula ankati sakuphikira ine, akuphikira tizilombo. M'mawa ankanditulutsa kuti ndiyende mpaka ku mtsinje wa Likangala n'kubwerako.

Zonsezi ndinavomera, koma ndinapempha chinthu chimodzi. Ndinati asauze munthu aliyense kuti ndikudwala, ngakhale abale. Munthu amene wakhalapo bwana safuna moni wopendeketsa mutu uja, woti "nanga lero m'thupimu?" Mayi anakana kaye, kenako analonjeza. Ndipo akazi anga akalonjeza chinthu, mukhoza kuwakoka ndi thirakitala, sasuntha.

Ndinayamba kuonda. Ludzu linachepa, mapazi anayamba kumva pansi, ndipo tsiku lina ndinaona zala zanga za kumapazi nditaimirira, tinapatsana moni ngati abale otayana kalekale. Mchimwene wa akazi anga ndi telala, amasoka pakhonde la sitolo ina mumsika. Alamu angawa anabweza mathalauza anga kawiri, osafunsa kanthu, akungolemba ndi choko.

Patapita miyezi ingapo ulendo wa kumtsinje unandichepera, ndipo tsiku lina ndinakwera phiri, koyamba chipumire ntchito. Ndinapuma kasanu, amuna otsika ndi mitengo paphewa akundilambalala. Pamwamba nkhungu inkayenda pakati pa paini monga kale, ndipo ogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu anandiyesa mlendo. Ndinafika pa nazale yathu ija. Mbali imene ndinaisiya ili nkhalango inali zitsa zokhazokha, koma mbande zinali m'mizere yake, zobiriwira, zooneka ngati zosadziwa kanthu. Ndinaziyang'ana, ndinagwira pamimba panga, n'kunena kuti ndakuonani, musandiyese wopusa. Ndinatsika ndikuimba nyimbo.

Tsono kwathu kuno kuonda si nkhani ya mwini thupi yekha. Munthu wamkulu akaonda, dera lonse limafuna kudziwa chifukwa chake. Ambiri tikukumbukira zaka zija pamene kuonda kunkatsogolera maliro, ndiye ena ankanong'ona zimenezo. Koma poona kuti ndikuyenda mwamphamvu m'mawa uliwonse, nkhani inatembenukira kwa mayi. Pampopi pamene amayi amatunga madzi panamveka kuti akundimana chakudya. Ena anati tinayambana, ena anati akalamba, dzanja lawo latha. Wina anawaona kuchigayo akugayitsa mgaiwa n'kufalitsa kuti pakhomo pathu pagwa umphawi umene tikubisa.

Kenako kunali ukwati ku Likangala. Mayi ananyamuka m'mamawa ndi mthiko wawo wautali, koma anabwerako dzuwa lisanapendeke. Zala zawo zinali zitachita makwinya ndi madzi. Nditafunsa, anandiyankha akupachika mthikowo. Anati pa mapoto anaikapo wina, iwo anapatsidwa beseni la mbale. Ndipo mayi wina ananena, osati mokweza koma mokwanira kumveka, kuti wolephera kudyetsa mwamuna mmodzi sangadyetse anthu a ukwati.

"Ndiye munawayankha chiyani?"

"Ndikanayankha chiyani, abambo? Si munati ndisanene?"

Apa munthu wabwino akanadzuka n'kukauza anthu zoona. Ine ndinati zidzatha zokha, anthu amatopa ndi nkhani. Ndinakoka mpando n'kukakhala pamthunzi.

Sabata lomwelo kunabwera achemwali anga aakulu a ku Malosa. Iwo ndi amene anandilera mayi athu atamwalira, ndipo mpaka lero amandiona ngati kamwana koti kangagwere m'chitsime. Atandiona anaika dengu pansi, anandigwira mkono n'kuupima ndi zala ngati akugula nkhuku. Anadikira kuti tichoke pamaso pa alamu awo. Powaperekeza ku siteji ya minibasi ndi pamene anandifunsa kuti ndikudya chiyani.

Ndinayankha zoona zokhazokha. Masamba, achemwali. Nyemba. Tiyi wopanda shuga. Ndinausa moyo pang'ono kuti zoonazo zimveke bwino. Bodza sindinanene ngakhale limodzi, ndinangosiya kabuku ka kuchipatala kunja kwa nkhani.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ulendo wanga wa m'mawa unatalika. Achemwali ankatsika minibasi ndi kadengu, tinkakumana kuseri kwa shedi ya akalipentala, ine n'kukhala pathabwa. Mang'ina ofewa mpaka fupa, zitumbuwa, chigumu cha shuga, nthawi zina nkhumba yokazinga yokulunga m'nyuzipepala. Ankandiyang'ana ndikudya, misozi ili m'maso, akunena alamu awo chapansipansi, ine pakamwa podzaza moti sindikanatha kuwateteza. Zotsala ndinkabisa m'thumba la jekete, zinkandifikitsa Lachiwiri. Mumtima ndinkati tizilombo nato tikufunika Khirisimasi.

Nazale ija inadzuka. Sipanatenge nthawi, lamba anayamba kubwerera ku mabowo ake akale. Kuchipatala anapeza kuti shuga wakweranso. Adokotala anayang'ana mayi, mayi anayang'ana pansi ngati mwana wolephera mayeso, ndipo titabwerako anachepetsanso mtanda uja. Achemwali atamva kuti mtanda wachepa anawonjezera mang'ina. Ndinali ngati munda umene wina akupalira, wina n'kumathira feteleza pa udzu womwewo. Thalauza limodzi ndinapita nalo mwakachetechete kwa alamu atelala kuti alimasuleko pang'ono.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti achemwali anali atapita kale kwa ankhoswe. Ukwati wathu wadutsa zaka makumi anayi, ankhoswe amene anaumanga anamwalira kalekale, koma udindowo umatsikira kwa otsala. Mbali yanga unagwera msuweni wanga wina, mbali ya mayi unagwera alamu atelala omwewo. Lamulungu lina titangobwera ku tchalitchi tinawaona akulowa pampanda atavala majekete, achemwali ali pambuyo. Tangoganizani, munthu wa imvi, wa zidzukulu, kuitanidwira ankhoswe ngati wokwatira dzana. Ndinatulutsa mipando pakhonde, mayi anayala mkeka.

Pa zokambirana zotere eni banja salankhula msanga. Ankhoswe amayamba apatsana moni wautali, kufunsana za mvula, kenako wina amauza mnzake nkhani ngati kuti eni akewo ali ku Joni. Msuweni anati kwabwera dandaulo lakuti mwana wawo, kutanthauza ine, akutha ngati sopo, ndipo akuchimuna akufuna kudziwa ngati pakhomo pano moto ukuyakabe. Achemwali sanathe kudikira. Anatchula zonse, masamba, nyemba, tiyi wa madzi. Anati mchimwene wawo anamupereka ali wodzaza mpando, lero pampandopo pakutsala malo a munthu wina. Anaiwala kuti tsiku la ukwati suti inkachita kundizungulira.

Alamu atelala anamvetsera atatsinzina. Kenako anati iwo za m'khitchini sadziwa, amadziwa za tepi. Anati thalauza la alamu awo analibweza kawiri, zimenezo n'zoona. Koma masabata awiri apitawo lomwelo linabweranso kuti alikulitse.

"Chiyambire kusoka," anatero, "sindinaonepo munthu womanidwa chakudya akubweretsa thalauza kuti ndilimasule."

Msuweni anatembenukira kwa mayi kuti ayankhepo. Iwo anali pamkeka, miyendo atatambasula, manja ali pamaondo. Sanayang'ane ankhoswe, anayang'ana ine.

"Afunseni eni thupi. Ine ndinalonjeza."

Nkhuku ya aneba inadutsa pakati pathu osapupuluma. Ndinaganiza zokhosomola, ndinaganizanso zokomoka pang'ono. Koma ndinadziwa kuti ndikangokhala chete kanthawi kena, mayi amenewa alandira mlanduwu n'kuusenza mpaka kumanda osanena kanthu, chifukwa choti ine ndikufuna kutchedwa bwana. Ndinadzuka, ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa kabuku ka kuchipatala pansi pa sutikesi n'kukapereka kwa msuweni.

Poyamba ndinayesa kudzera ku nazale ndi tizilombo, poganiza kuti sayansi indiphimba, koma msuweni anati nditsike m'phiri ndinene za pakhonde pano. Ndiye ndinanena za shuga, za adokotala, ndi za lonjezo limene ndinawamanga nalo mayi. Za kuseri kwa shedi ndinati ndisiye kaye, zingachuluke.

Achemwali anagwira pakamwa. "Achimwene, ndiye mang'ina aja ndimakwera nawo minibasi kudzakuphani?"

"Mang'ina ati?" anafunsa mayi.

Funso limenelo linali lofatsa kwambiri, ndipo ndi limene linandiopsa kuposa onse. Achemwali ndi amene anayankha, Loweruka ndi Loweruka, osasiya ngakhale chitumbuwa chimodzi. Pomaliza anasendera pamkeka, anagwira dzanja la alamu awo n'kupepesa. Kenako onse awiri anatembenuka kundiyang'ana, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akugwirizana pa chinthu chimodzi.

Ankhoswe anagamula kuti mayi alibe mlandu, wofunika kulangizidwa ndi mwana wa kuchimuna. Anandilangizadi, ine ndi imvi zangazi, mpaka mthunzi unachoka pakhonde. Atatha anafunsa mayi ngati akhutira.

"Pano mwamva anthu atatu," anatero. "Amene anandipatsa beseni la mbale sali pakhonde pano."

M'mawa mwake ndinanyamula ndowa kupita pampopi. Amene simukudziwa Zakazaka, pampopi m'mawa ndi pamene pali wailesi ya dera lino. Mzere wa ndowa ndi zigubu unali wautali, amayi ali m'magulumagulu, ndipo nditafika nkhani zonse zinaima. Ndinaika ndowa kumapeto kwa mzere, ndinavula chipewa, n'kunena kuti ndabwera kudzatunga madzi komanso kudzakonza nkhani. Ndinati ndili ndi shuga. Ndinati amene analamula kuti ndionde ndi adokotala, akazi anga anangogwira ntchito imene anapatsidwa, ndipo akanapanda iwo mwina bwenzi mutadya kale mpunga wa pamaliro anga. Ndinati anakhala chete chifukwa amene anawatseka pakamwa ndine, ndipo pamene inu munkawanena, ine ndinkadya mang'ina kuseri kwa shedi. Poti ndinali nditayamba kale, ndinawaphunzitsanso za tizilombo ndi nazale.

Anaseka, ndithu anaseka, ena mpaka kukhala pa zigubu. Mayi wina anafunsa ngati tizilombo tangato si njoka za m'mimba wamba zimene ndaziveka tayi. Wina anati ubwana wanga unali mafuta okhaokha, tsopano wasungunuka. Ndinavomera zonse, ndinalibe poima. Amene ananena mawu aja ku ukwati analipo. Sanaseke, anatanganidwa ndi chitsekero cha chigubu chawo. Pobwerera, madzi akutayikira pa nsapato zanga, mayi wina wachikulire anandipeza panjira n'kufunsa motsitsa mawu kuti shugayo amayamba bwanji, chifukwa amuna awo akumwa madzi modabwitsa. Ndinawauza kuti asazengereze, apite nawo akawabaye chala.

Kuchipatala nako ndinakaulula ndekha, mayi ali pambali. Adokotala sanakalipe. Anati zachitikazo ndi zomwe ananena zija, thupi limene linanenepapo silichedwa kubwerera, ndipo nkhaniyi si ya miyezi itatu, ndi ya moyo wonse. Kenako anapepesa kwa mayi chifukwa cha diso limene anawayang'ana nalo ulendo uja. Zikuoneka kuti mwezi umenewo Zomba yense ankapepesa kwa akazi anga, iwo n'kumangogwedeza mutu.

Kunyumba ankandilankhula mawu ofunika okha: idyani, imwani mankhwala, nyamukani. Zinakhala choncho masabata angapo. Kunachitika chinkhoswe cha mwana wa aneba, amayi awiri anabwera kudzawatenga, iwo anati ali ndi zochapa. Apa ndinachita mantha enieni, kuti mwina ndinachedwa, kuti chinthu chimene ankachikonda ndachiswa moti sichingalumikizikenso.

Kenako kunagwa maliro a mkulu wina wa mpingo, anthu ochuluka, ena ochokera mpaka ku Machinga. M'mamawa kunabwera amayi anayi, pakati pawo pali aja ananena mawu aja ku ukwati. Anagwada pakhomo. Zimene anakambirana sindinamve, chifukwa ndinauzidwa kuti nthawi yanga yoyenda yakwana. Pobwera ndinapeza pakhomo palibe munthu. Kumaliroko ndinakhala kwa amuna, kutali ndi kophikira, ndipo titaika ndinatsogola kubwerera.

Mayi anafika dzuwa litapendeka, maso ofiira ndi utsi, mawu atasasa ndi kulamula. Anadzigwetsa pampando wanga, umene sakhalapo, n'kuyamba kundiuza. Nyemba anaziteleka mochedwa. Wina anafuna kuthira madzi ozizira mumpunga uli pamoto. Nkhuni zinali zaziwisi, zongofuka, ndipo amene anazigula sanaphikepo chibadwire. Analankhula osapuma, ine ndikungoti "eti", "ayi ndithu", kuopa kuti ndikanena zambiri akumbukira kuti sakundilankhula. Ali mkati mofotokoza ndinazemba n'kukawaikira madzi osamba pambaula, chinthu chimene sindinachitepo chikwatiranirane. Ndinanyamula ndowa mpaka kubafa, ndinaika sopo, n'kubwera kudzawauza mwaulemu kuti madzi apita.

Analowa, ndipo patapita kanthawi ndinamva mawu kuseri kwa chitseko.

"Abambo, madziwa mukufuna kusosola nkhuku? Bweretsani ozizira."

Ndinathamanga nawo. Masiku ano ndimatha kuthamanga pang'ono.